Nyumba Imene Jabez Anaikalambitsa

Jabez Holroyd anali ndi fakitale yoomba nsalu za ubweya wa nkhosa, ndiponso nyumba yatsopano yoposa zonse m'chigwa chawo ku Yorkshire: mawindo akuluakulu, denga losadontha, zipinda zofunda. Koma mkazi wake Lavinia, amene ankalemba mabuku a nkhani za mizukwa, sankakhalamo masana. Akangomwa tiyi ankanyamula mapepala ake n'kukwera phiri kupita kwa a Marwood.

Kumeneko kunali kubwinja ndithu, ngakhale mwini wake ankati ndi nyumba ya makolo. Makoma anali ming'alu yokhayokha, akadzidzi ali mbwee kudenga. Mwini wakeyo, Crispin Marwood, anali mwamuna wosakwatira, wa nsapato zong'ambika. Nsanje inamudya Jabez.

"Kodi kumeneko kuli chiyani chimene kuno kulibe?" anafunsa tsiku lina.

"Mdima, bambo. Nkhani ya mizukwa simera poyera. Kuno ngakhale khoswe alibe pobisala."

"Mumdimamo mumakhala ndi yani?"

"Ndi cholembera changa. A Marwood amandisiyira kachipinda ka pamwamba pa nsanja, iwo n'kumakasamala nkhuku zawo."

Za nkhukuzo Jabez sanazikhulupirire. Anaitanitsa Enoch Sugden, mmisiri amene anamumangira nyumba.

"Undikalambitsire nyumbayi. Ipose ya Marwood."

"Bwana, laimu wake sanaume n'komwe. Mwalawa kale m'mawa uno?"

"Ndati ikalambe!"

Enoch anapukusa mutu, koma anaigwira ntchitoyo. Anamanga nsanja yogumuka dala pamwamba, mawindo ake ang'onoang'ono ngati ming'alu. Makoma anawapaka mkaka wosasa ndi ndowe kuti amere ndere, mahinjesi a zitseko n'kuwathira madzi amchere kuti azilira. Anabweretsanso kadzidzi m'dengu, koma atangomutsegulira anauluka molunjika kwa Marwood. Jabez anatukwana mpaka madzulo, ati ngakhale mbalame zamupandukira.

Ntchito ili pafupi kutha, anamukokera Enoch pambali.

"M'khoma la nsanjayi usiyemo kanjira kobisika, ndi kabowo kosuzumirapo kuseri kwa chithunzi. Nyumba zakale zimakhala nako. Kalimo m'mabuku a mayiwa."

"Nanga m'mabukumo, wosuzumirayo amatha bwanji, bwana?"

"Iwe gwira ntchito."

Lavinia atalowa m'nsanjamo anaseka, kenako anamugwira dzanja mwamuna wake, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Anaikamo tebulo lake, natseka chitseko, ndipo phiri lija anasiya kulikwera. Apa munthu wanzeru akanakhala pansi n'kumadya nyama yake ya nkhosa mwamtendere. Koma nsanje sikhuta. Jabez ankati akamva cholembera chikukwekwesa pepala, mtima unkamufunsa kuti akumulembera ndani. Masana aliwonse ankadzipanikiza m'kanjira kaja n'kuika diso pakabowo. Ankangoona mkazi akulemba, nthawi zina akumwetulira, ndipo kumwetulirako n'kumene kunkamuwawa.

Tsiku lina fumbi la laimu linamulowa m'mphuno. Anayesa kudzigwira, koma anayetsemula mpaka chithunzi chinagwedezeka.

Lavinia sanakuwe. Anaika cholembera pansi, nachotsa chithunzicho pamsomali, n'kuyang'anizana ndi diso lija.

"Masiku onsewa ndimamva kupuma m'khomamu," anatero. "Ndimakondwa, ndimati nyumba yathu yapeza mzukwa wakewake. Kani ndinu, a Holroyd."

"Mayi, ine ndimangofuna kuti ndione ngati..."

"Mwaona?"

Jabez anachotsa diso pakabowo, Lavinia n'kupitiriza:

"Kwa a Marwood denga limadontha, mphepo imalowa, zala zimachita kuuma. Koma khoma lawo lilibe diso."

Anasonkhanitsa mapepala ake mosafulumira. Jabez anati athamange akamutsekereze pakhomo, koma kanjira kaja Enoch anakamanga kopapatiza, ndipo mimba inakanirira pokhota. Pamene ankatulukamo, mabatani atathothoka, laimu ali mbuu mutu wonse, m'nsanjamo munalibe munthu.

Anathamangira pawindo kuti amuitane. Linali limodzi mwa ang'onoang'ono aja amene anamangitsa yekha. Anangoona nsonga ya chovala cha Lavinia ikulowera njira ya kuphiri, khoma n'kumutchinga.