Katemera wa Munthu Wodwala Kale

Dokotala anawauza mayi a mapasa kuti khansa ya khomo la chiberekero yabwereranso. Koma atatchula za katemera, amuna awo anadzuka pampando n'kuwakokera mayiwo panja.

Bambowa amakonza mawailesi ndi mafoni, ndipo anthu amangowatcha a Mawaya. Sakhulupirira chinthu chomwe sanachitsegule okha. Ngakhale shuga amayamba amulawa kaye.

"Katemera amabaya ana asanadwale," anatero atafika kunyumba. "Wodwala kale amubayiranji? Pali chomwe akubisa anthu amenewa. Mawa simupitako."

Mayiwo ndi telala. Anakhala pamakina awo, osapalasa.

"Ndiye ndizingokhala, bambo a mapasa, magazi akutuluka chonchi?"

Zoona zake a Mawaya ankaopa kwambiri, kungoti mantha awo amatuluka ngati ukali. Kutacha anavala jekete n'kunena kuti apita limodzi, akawagwire bodza achipatalawo pamaso.

Kuchipatala anawalandira namwino woona za kafukufuku, m'kachipinda ka mipando itatu ndi sikelo pakona.

"Mukufuna kuyesera mankhwala pa mkazi wanga," anayamba a Mawaya.

"Ndi kafukufuku ndithu, bambo, sitikubisa," anatero namwinoyo. "Akazi anu ali ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira, ndipo chithandizo chawo china sichiima."

A Mawaya ankayembekezera kuti namwinoyo akana. Anakanda kumutu.

"Nanga katemera kwa wodwala kale?"

"Khansa iyi imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV. Katemera amene mukumudziwayo ndi woteteza, amabaya atsikana kachilomboko kasanalowe. Uyu ndi wina. Amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kuzindikira malo amene kachilomboko kawononga. Koma khansa ndi yochenjera, imachigoneka tulo chitetezocho. Ndiye pali mankhwala ena a m'diripi ochidzutsa. Tikufuna tione ngati ziwirizi zikaphatikizana zingathandize kuposa chimodzi."

Apa a Mawaya anafewetsa mawu, n'kutchera msampha wawo weniweni.

"Ndiye kuti achira, eti asisitala?"

"Sindingalonjeze. Ena zingawathandize, ena ayi. Zingabweretsenso kutentha thupi, zidzolo kapena kutsegula m'mimba. Mukaona zimenezo, mubwere msanga."

A Mawaya anasowa pogwira. Pantchito yawo amadziwa kuti wolonjeza kuti wailesi ilira asanaone m'kati mwake ndi tambwali. Uyu sanalonjeze kanthu.

"Mwamaliza?" anafunsa mayi a mapasa. "Thupili ndi langa. Ndamva zonse, ndipo ndalola."

Masiku ena anali owawa. Zidzolo zitawatuluka mayiwo, a Mawaya anatseka shopu masanasana n'kuthamangira nawo kuchipatala, mafunso ali m'kamwa. Achipatala anawayankha onse, zidzolozo n'kuthandizidwa.

Patapita miyezi, chithunzi cha m'mimba chinaonetsa kuti chotupa chachepa. Dokotala sananene kuti khansa yatha, anati azibwerabe. Koma magazi analeka, ndipo mayiwo anayamba kudya bwino n'kumayenda okha kumsika.

Pano mnzawo akabwera kushopu ndi mphekesera za kuchipatala, a Mawaya amamudula pakamwa.

"Kukayikira si mlandu, achimwene. Koma funso lako ukalifunse kwa amene angaliyankhe, wodwala asanaphonye tsiku lake. Ine ndinatsala pang'ono kumutsekera mkazi wanga m'nyumba, ndikuyesa ndikumuteteza."