Mwala Wogwira Chitseko

Namiyala, monga ankamutchulira anzake ku nyumba yosungira zinthu zakale, anakoka dilowa yomaliza napezamo thonje lokhalokha. Denga litadontha chaka chatha, anthu ananyamula mabokosi mwachipwirikiti, ndipo mwala uja unasowera momwemo.

Sunali mwala wamba ayi. Pamwalapo panadindika tsamba la chomera chimene chinatha dziko lisanaone munthu. Malemu bambo ake ndiwo anaufukula, ndipo chomeracho anachitcha dzina la akazi awo.

"Mwanawe, lamulo ndi lamulo," anatero pulofesa, mkulu wa pantchitopo, akupukuta magalasi. "Dzina la chomera chotere limatsamira pa mwala umodzi. Ukasowa, timasankha wina mwa miyala imene mwini wake anagwiritsa ntchito. Ikasowa yonse, ndiikapo wanga."

"Wanuwo mitsempha yake ndi ina, bambo. Dzina la amayi lisamukira ku tsamba la eni. Chithunzi cha tsambalo chimene malemu anajambula si chilipo?"

"Pepala si mwala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lachisanu ndilemba kuti dzinalo latsamira pa wanga."

Ataweruka, Namiyala anapita kwa amayi ake mtima ukuwawa, nawapeza akusita.

"Nkhope yagwa chonchi, kwagwanji?" anafunsa mayiwo.

Atawafotokozera, mayiwo anaseka mpaka kuika simbi pansi. "Bambo akowo ankati mwala ukaung'amba pakati umabala mapasa. Theka anapita nalo kuntchito, theka anadzandipatsa ine. Anzanga ankalandira nsalu, ine mwala. Mwamuna wanji ameneyo."

"Uli kuti, amayi?"

"Wakhala ukuulumpha chiyambire kukwawa."

Analoza ndi mlomo mwala wakuda wogwira chitseko cha kukhitchini. Namiyala anagwada, nautembenuza pang'onopang'ono. Kunsi kunali tsamba lathunthu, mitsempha yake ili gwa, ngati lagwa mumtengo dzulo. M'mphepete munali nambala yomwe inalinso pa mwala wosowa uja, yolembedwa ndi dzanja la bambo ake.

Anachita mantha kuligwira. Tsambali linaona dzuwa mapiri asanamere, linagona mumdima zaka zosawerengeka, kenako n'kudzapirira tsache la amayi ake m'mawa uliwonse. Misozi inangobwera yokha.

Mayiwo anaweramira, nayendetsa chala pamtsempha wapakati. Kuseka kunali kutatha. "Abale inu, kukongola konseku n'kumayang'ana pansi. Ukapita nawo, ubwerera?"

"Subwereranso, amayi. Ukakhala m'dilowa, kuti aliyense wofuna kudziwa chomera cha dzina lanu azidzauona."

Pa zonse zimene amuna awo anawapatsa, chotsala chinali chimenecho. Kenako anatenga pilokesi yomwe anali atangosita, yofunda bwino, nakulunga mwalawo ngati khanda.

"Zaka makumi anayi wandigwirira chitseko," anatero, akuupereka ndi manja awiri. "Upite tsopano ukandigwirire dzina."

Namiyala akutuluka, mphepo inakankha chitseko cha kukhitchini, ndipo chinatsekeka chokha.