Ulusi wa Mayi Bouasone

Kale Aamerika ankafika pabwato kudzagona kunyumba ya alendo ya a Thongdy, atapsa ndi dzuwa, zikwama atabereka ngati ana. Ankavula nsapato zawo zonunkhazo pamakwerero n'kudya mpunga womata ndi manja, tsabola akuwaliza. Akamachoka, mkazi wa a Thongdy, mayi Bouasone, ankawamanga ulusi woyera pamkono, kuitana mzimu wa mlendo kuti usatsalire m'njira. Alendo amakonowa? Ha! Kutsika minibasi, kujambula nkhuku, basi ulendo.

Chimwalirireni mayi Bouasone, a Thongdy anatseka nyumba. Alendo ayi, kumtsinje ayi, chakudya chongolawa. Mwana wawo Viengkham ankaona bambo ake akutha ngati sopo, ndipo ankaopa kuti dzinja likubwerali saliona.

Tsiku lina Viengkham analowa ndi mzungu waimvi.

"Bambo, mlendo wanu."

"Ndinati alendo ayi. Makutuwo unagulitsa?"

Koma mzunguyo anali atakhala kale pamphasa, mapazi atawabisa kumbuyo mwaulemu.

"Malume, mwandiiwala? Ndine Darlene."

Darlene! Kamtsikana kaja kanagwera mumtsinje potsika bwato, mudzi wonse n'kufa nazo nseko. Kenako kanadwala malungo m'nyumba momwemuno, mayi Bouasone n'kumakamwetsa phala. Chilankhulo chapamudzipo ankachilankhula mopindikabe ngati kale.

"Wakalambatu iwe," anatero a Thongdy.

"Inu ndiye musanene. Amayi ali kuti? Ndabwera kuti andimangenso ulusi uja."

A Thongdy anangoloza chithunzi pakhoma. Darlene analira, kulira kwenikweni. Atapukuta misozi anawayang'anitsitsa a Thongdy, mikono yowondayo, malaya akulendewera. Ndiye anamunong'oneza Viengkham, iye n'kukatenga ulusi wotsala wa amayi ake.

"Bweretsani dzanja, malume."

"Iwe, ulusi timamanga mlendo akamapita. Ine ndikupita kuti?"

"Munapita kalekale. Bweretsani."

Darlene anawasisita pamkono ndi ulusiwo monga ankachitira malemu, mawu akuwakumbukira apa ndi apo. "Zoipa zituluke, zabwino zilowe. Mzimu wa malume, kulikonse ukuyenda, bwerera kwanu. Mwana akukudikira."

Mfundo yake inali yoipa zedi, yokhotakhota. A Thongdy anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi ako akanakuseka," anauza Darlene, misozi ili chuchuchu, yoyamba chiikireni maliro.

Atatha kulira anamina, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Waimiranji pamenepo? Mlendo sanadye. Bweretsa mpunga, dengu lalikulu. Inenso njala yandipweteka."