Masamba pamsewu wa ku Engutwini

Malizani, mphunzitsi wa ku Dedza amene boma linamutumiza kusukulu ina kufupi ndi Embangweni, anali munthu wosafuna kuti chinthu chatsopano chiyambire kwa wina. Atamva kuti makaniko wina dzina lake Wilkins wabwera kuchokera ku Joni ndi mota, batire ndi mawaya osandutsira njinga yakapalasa kukhala yamagetsi, analawirira ku Mzimba boma ndi njinga yake.

Wilkins anamangirira zonse, kupatula zogwirira mabuleki zatsopano, zomwe zinakana kulowa pahandulo. Anasiya zakale zomwezo.

"Izi sizofunika chomene," anatero Wilkins. "Koma onani apa, aphunzitsi. Mukakanikiza kabatani aka n'kukhalitsa pang'ono, mbwenu njinga igwira liwiro yokha. Chala muchotse, izingopita."

Sananene kuti zogwirira zatsopanozo ndizo zimauza mota kuti ileke munthu akagwira buleki. Mwina nayenso sankadziwa.

Loweruka lotsatira Malizani anavala jekete ndi chipewa, ulendo wa ku Engutwini. Bwenzi lake Iness anali atavomera tsopano kukamuonetsa kwa makolo ake, patatha chaka chathunthu akuzengereza, poti bambo ake sankafuna kumva za mkamwini wa kuchigawo chapakati. Malizani ankadziwa kuti mwayi wake ndi womwewu.

Msewu unali wosalala. Anakanikiza kabatani kaja, njinga inagwira liwiro, iye n'kumangoimba mluzu ngati wakwera basi.

Atakhota pakona ina anaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Maliro. Ngakhale mwana amadziwa chochita: wapanjinga amatsika, kuvula chipewa, n'kukankha njinga mpaka atadutsa masamba achiwiri. Malizani anagwira buleki. Mabuleki analira, mota inkakankhabe. Anafinya ndi mphamvu zonse, koma timphira takale tinangotsetsereka. Poti manja onse anali pahandulo, chipewa chinakhala pamutu pomwepo.

Anadutsa pakati pa amuna okhala m'mbali mwa msewu. Amayi osenza madzi anabalalika, ndowa imodzi n'kugwa. Nyimbo ya maliro inadukira pakati. Fumbi lonse linatsalira anthuwo.

Njinga inakaima patali, mumchenga wa pakhwawa, waya wa batire utasolokamo. Malizani anacheuka. Kubwerera kukapepesa kunali kotheka ndithu, mtunda wake sunali wotopetsa. Koma manyazi anamugwira, ndipo anadziuza kuti kuno palibe amene akumudziwa. Anazungulira njira ya kumunda, akukankha njinga.

Kwawo kwa Iness anapeza zitseko zotseka, nkhuku zokha pabwalo. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa litapendeka. Kenako Iness anatulukira yekha, atamanga chitenje ndi duku, maso ali ofiira. Sanamupatse moni. Anayang'ana njinga, n'kuyang'ana chipewa.

"Ndinakuimbirani m'mawa, foni yanu sinkapezeka," anatero. "Amwalira ndi ankhazi anga, alongo awo a adada."

Malizani anayamba kufotokoza za mota ndi mabuleki ndi Wilkins. Iness anamvetsera mpaka anamaliza, osamudula.

"Zimenezo ndamva. Nanga itaima, bwanji simunabwerere? Tonse timakuonani muli pakhwawa paja."



"Adada anafunsa kuti wopanda mwambo ameneyu ndi mwana wa ndani," Iness anapitiriza, mawu ake ali pansi. "Anafunsa anthu onse, kenako anayang'ana ine, poti ndine ndimakhala ku Embangweni, mbali imene njingayo inachokera."

"Ndiye unati chiyani?"

"Ndinati sindikumudziwa." Anakonza duku lake. "Ndapota, nyamukani asanafike. Munthu amene ndamukana pamaso pa adada, pamaliro a mlongo wawo, ndikamuonetsa bwanji?"