Dishi m'Munda wa Mtedza

Mchimwene wanga Fletcher anabwera kuchokera ku yunivesite ndi dishi yaikulu ngati denga la nkhokwe, n'kuiimika pakati pa munda wanga wa mtedza kuno ku Mavwere. Akuti malo abwino anali amenewo chifukwa ali kutali ndi nsanja za foni. Amayi anavomera, poti wophunzira akalankhula, ife ogwira khasu timasanduka zitsa. Anazunguliza waya munda wonse, n'kulonjeza kuti chaka chikatha andibwezera.

Dishiyo sinkaonetsa ngakhale mpira. Ntchito yake akuti inali kuyeza kutentha kochepa kwambiri komwe kunatsala chilengedwe chitangoyamba, n'kujambula mapu a thambo oonetsa pofundirako ndi pozizirirako. Munthu wosadziwa ngakhale kumene mvula yathu imachokera, ati ayeze thambo lonse!

"Iwe Esitele, usayandikire," ankandiuza. "Izi si za aliyense."

Mu Ogasiti anayamba kuyenda chotukumula chifuwa. Pa kompyuta yake panaoneka banga lofiira chakumadzulo, mbali ya ku Zambia, ndipo ankauza aliyense kuti akatswiri a dziko lonse sanalionepo. Ine ndinayang'ana kumene dishi inaloza, n'kuseka chamumtima. Kuseri kwa mitengo ya bulugamu, a Lovemore ankawotcha njerwa, mauvuni atatu motsatizana, mwezi wathunthu. Fletcher akanadziwa bwanji? Njira yake inali ya kunyumba ndi kudishi basi, moni osapereka. Kumuuza ndikanamuuza, koma ndinati safunsa anadya phula, asiyeni adye.

Mu Okutobala kunabwera mphunzitsi wake, Dokotala Najma, mayi wamfupi wosachulutsa mawu. Pa kompyuta sanachedwepo. Anazungulira waya uja, kenako anandipeza pakhonde ndikusankha mbewu ya mtedza, poti chaka cholonjezedwa chija chinali chitatsala masabata awiri.

"Mayi, mbali iyo kumachitika chiyani chilimwe?"

"Amawotcha njerwa," ndinayankha mokweza kuti mwini wake amve. "Ngakhale mbuzi zikudziwa."

Fletcher anatembenuka kuyang'ana ku mitengo ya bulugamu ija. Sindinama, ndinakondwa kwambiri. Banga lija lomwe linkati limutchukitse linali moto wa a Lovemore.

Dokotala Najma anapukusa mutu, n'kutembenukira kwa wophunzira wake.

"Mukanadziwa msanga, mukanangotchinga mbali iyo ndi malata awiri. Tsopano mapu onse aipa. Muyambirenso, chaka china chathunthu, dishi isasunthe pamalo pake."

Anthu a m'mudzi amene anasonkhana kudzaonerera mlendoyo anabalalika mwakachetechete. Fletcher anabwera pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni anakhala pansi pafupi ndi ine.

"Unkadziwa?" anafunsa motsitsa mawu.

Kum'mawa mitambo inali itayamba kuda. Ndinayang'ana mtedza wanga wosankha bwino m'lichero, kenako waya uja wozungulira munda. Phula lija tinadya tonse awiri.