Kasupe wa ku Ching'ambo

Lettie anamupeza Gomezgani atakhala pamwala pafupi ndi kasupe wa ku Ching'ambo, buluku lili matope okhaokha. Mabikoni anayi a mapuloti anali atawazula n'kuwaunjika pambali pake. Chapatsogolo panaima chigalimoto chokumba, dalaivala wake akusenda nthochi.

"Mayeso ayamba naini koloko," anatero Lettie. "Malaya ako ndasita, ali m'jumbomu. Dzuka."

"Amama, ndikachoka pano akwirira kasupeyu."

"Ukakhala akwirira mawa. Kuyunivesite anakuuza kuti mwayi uno ndi womaliza. Zaka zinayi, Gome!"

Mwana wakeyu ankaphunzira za nkhalango ndi madzi, ndipo mutu unalipo. Zinasokonekera pamene anamva kuti dambo la kasupeyo laduliridwa mapuloti oti pamangidwe nyumba zogona ophunzira. Anayamba ndi makalata odandaula. Kenako anayamba kujomba m'kalasi, n'kumatukwanizana ndi aphunzitsi ake chifukwa chokana kusaina nawo makalatawo. Emily, mtsikana wa ku Nkhata Bay amene anali atamuonetsa kale kunyumba, anamuuza kuti asankhe pakati pa iye ndi achule. Gomezgani anasankha achule.

"Si inu munandiphunzitsa?" anafunsa mosakweza mawu. "Tinabwera kudzatunga pano ndili wamng'ono. Munati madzi awa ndi moyo wathu, munthu asawaseweretse."

Lettie analikumbukira tsikulo. Mipopi ya ku Mchengautuwa inali itauma sabata yathunthu, msana ukumuwawa, zovala zitaunjikana.

"Ndinkangofuna usiye kuponyamo miyala, iwe! Madzi ankavunduka. Basi."

Gomezgani anamuyang'ana ngati wamenyedwa mbama. Kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ayi. Munanena zoona, kungoti mwaiwala."

"Amama, chonde chomene, tengani mwana wanuyu," anafuula dalaivala uja. "Ife angotituma. Nanga timukumbire limodzi?"

Lettie anamugwira pamkono n'kukoka. Anali wolemera ngati mwala womwe anakhalirawo. Anakalipa, anapepesa, anatchula ngakhale malemu bambo ake. Naini inakwana ali pomwepo. Teni itadutsa kunabwera apolisi n'kumutenga Gomezgani, ndipo asanatuluke m'chitokosi dzina lake linali litafufutidwa kusukulu.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Pamalopo pali nyumba yosanja, mawindo ake odzaza matawulo ndi masokosi a ophunzira. Anzake a m'kalasi ena ali ku Lilongwe, wina akuphunzitsa payunivesite pompo. Emily ali ndi ana awiri ku Chiputula. Akakumana ndi Lettie kumsika amapereka moni mwaulemu, maso ali pa tomato.

Gomezgani amadzuka m'mamawa, kutenga kope lake n'kupita kuseri kwa nyumba yosanja ija. Amakayeza ndi chikhatho pomwe chinyezi chafika pakhoma. Ophunzira amamutcha Pulofesa, n'kumamuitana kuti adzawajambule.

Lero wabwera masana nkhope ikuwala.

"Amama, khoma lanyowa mpaka m'bondo. Kasupe uja akadali moyo."

"Yewo," anatero Lettie. "Vula nsapatozo, ndakolopa."

Anamutungira madzi pampopi n'kumuikira beseni pakhonde. Polowa m'chipinda kukatenga sopo, dzanja lake linakhudza jumbo ija pamwamba pa wodiropu. Malaya akadali momwemo, mizere ya simbi siinafufutike. Anaikankhira mkati, n'kutuluka ndi sopo. Masiku ano Lettie sanenanso kanthu za madzi pamaso pa mwana aliyense.