Penti ya M'zikhadabo

Gray Msosa anandilakwira ine, Likongwe, Lachitatu lina m'mwezi wa Malichi 2023, ku Indianapolis, ndipo bodza lake analinenera pakamwa panga.

Ndine wopaka penti. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma khoma ndimalidziwa. Ndinabwera ku South Bend kutsatira mwana wanga Vainess, yemwe ndi namwino, ndipo Gray anandilemba ntchito pa kampani yake. Timapemphera tchalitchi chimodzi. Iye yemweyo ndiye tcheyamani wa bungwe lathu la maliro, limene limatumiza mtembo kwathu munthu akafera kuno.

Chaka chimenecho kampani yake inapeza ntchito yokonza nyumba ina ya boma ku Indianapolis. Tinkanyamuka Lolemba m'mamawa, n'kumagona ku Beech Grove mpaka Lachisanu. Ntchito ya boma ili ndi lamulo lake. Boma ndilo limanena malipiro a ntchito iliyonse, ndipo pepala lake liyenera kukhomedwa poti antchito azilione. Lathu Gray analimata kuseri kwa chitseko cha chipinda chosungiramo zitini. Ndinalijambula pa foni, Vainess n'kuliyika pambali pa kapepala kanga ka malipiro.

"Adadi, apa akulembani kuti ndinu wosesa," anatero. "Wopaka penti mtengo wake ndi uwu, wapamwambawu. Mukaripote. Kuno lamulo limakutetezani."

Ine ndinakula nthawi imene munthu akalankhula ndi a boma masana, madzulo pakhomo pake pankaima galimoto. Ndinangoti ndamva.

Lachitatu lija Gray anandiitanira pa sinki, atanyamula botolo la mankhwala ochotsera penti.

"Madala, lero kukubwera inspekita. Akuti aintavyuwa aliyense payekha. Tasambani m'manja bwinobwino."

Anandilanda burashi n'kundigwiritsa tsache.

"Ine ndine wopaka penti, a Msosa."

"Aaa, ndani akukana? Ndi lero lokha. Ndiye kuti tsache simulidziwa, kapena kwanu ankasesa ndi amayi okha?" Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Kampani ikagwa m'mavuto, ine mutu suyenda bwino. Ndimayamba kuiwala mayina. Paja Edmond munamuperekeza ndinu?"

Edmond anali mnzathu wa pa ntchito. Anakangana ndi Gray pa nkhani yomweyi ya malipiro, ndipo posakhalitsa dzina lake linasowa pa mndandanda wa bungwe. Anamwalira mu Januwale, kunja kuli chipale chofewa. Ndalama yotumizira mtembo pa ndege panalibe. Anamutentha. Kabokosi ka phulusa lake ndinakanyamula ine mpaka pa siteshoni ya sitima yopita ku Chicago, n'kukapereka kwa mayi wina amene ankapita kwathu. Anakalowetsa m'chikwama, pakati pa nsapato ndi mafuta odzola. Munthu wamtali ngati uja ankalemera ngati mapaketi awiri a shuga.

Mkazi wanga anagona ku Makwasa. Pambali pake ndinasiya malo, ndipo ndinamuuza ndi pakamwa pangapa kuti ndidzabwera wathunthu.

Ndinasamba m'manja mpaka khungu kuwawa.

Inspekita uja anali mzimayi wa imvi, atavala chipewa cholimba. Anandilowetsa m'chipinda chopanda mipando n'kutseka chitseko. Ankalankhula Chingelezi pang'onopang'ono kuti ndizimva. Anafunsa dzina langa, maola amene ndimagwira, kenako anati, "Mumagwira ntchito yanji?"

"Yosesa."

"Mumagwiritsa ntchito zida zanji?"

Ndinakweza tsache. Kenako ndinalitsitsa msanga.

Sanalembe kanthu. Anayang'ana manja anga. Ndinawayang'ananso ine. Zikhatho zinali mbee, koma m'zikhadabo zonse khumi munali penti yoyera, ya khoma lomwe tinaimapo pafupi lija. Anatsitsa maso kuyang'ana nsapato zanga. Za nsapato Gray anali ataiwala.

"Bambo," anatero, "zimene munene muno abwana anu sazimva. Ndipo lamulo silimulola kukuchotsani ntchito chifukwa cholankhula ndi ine."

Za ntchito lamulo limanenadi. Koma ndani analemba lamulo la amene adzanyamule bokosi langa? Ndikanamufotokozera bwanji mzungu uja, ndi Chingelezi changa chothyokathyoka, za malo a ku Makwasa? Ndipo ndikanadziwa bwanji kuti iyeyo ndi Gray sanamwere khofi limodzi m'mawa womwewo?

Pa windo ndinamuona Gray ali panja, atatsamira galimoto, akuseka pa foni. Sanayang'ane mbali yanga ngakhale kamodzi. Zimenezo ndizo zinandiopsa kwambiri.

Mayi uja anadikira.

"Ndimasesa," ndinatero. "Pentiyi ndi ya m'zitini zimene ndimataya."

Analemba. Ananditembenuzira pepala, ndinasaina. Potuluka anandipatsa kakhadi kokhala ndi nambala yake, n'kunena kuti ndikhoza kuimba tsiku lililonse.

Galimoto yake isanatuluke n'komwe pa geti, Gray anali atandibwezera burashi.

"Madala, inu ndinu munthu. Khoma lija likukudikirani."

Atamva zimene ndinamuuza inspekita, Vainess sanandilankhule sabata yonse. Kenako ananditengera kwa dokotala chifukwa cha kubanika kumene ndimamva ndikakwera makwerero. Anapeza kuti mtima wanga wakula. Anandipatsa mapiritsi atatu pa tsiku, n'kunena kuti ndisamanyamule zolemera.

Pa msonkhano wa bungwe wa mwezi watha, Gray anaimirira kutsogolo n'kuwerenga mayina a mamembala. Ndinagwira m'mphepete mwa mpando mpaka atafika pa langa.

"Bambo Likongwe! Awa ndi athuathu. Tsiku lawo likadzafika, tidzawaperekeza mpaka ku Makwasa."

Anthu anawomba m'manja. Ena anati ameni. Iye anandiyang'ana n'kumwetulira, cholembera chili m'manja.

Kakhadi kaja kali m'thumba la m'kati la suti yanga yakuda, imene ndinauza Vainess kuti adzandiveke. Kampani ya Gray inapatsidwa nyumba ina ya boma. Lachisanu lapitali ndinamaliza kupaka zipinda zinayi, ndipo kapepala kanga ka malipiro kanabwera kolembedwa kuti wosesa.